MBIRI YA IRENAEUS WOYERA, AMENE ANATISUNGIRA MAINA A APAPA OYAMBA

Pa masiku a Jubili ndi mwambo wabwino kuchula maina a ansembe ndi aphunzitsi amene anagwira nchito pakati pathu, kuyambira woyamba ndi wom'tsata, kufikira iwo amene tiri nao lero. Kapena wina adzafunsa kuti maina okhaokha apindulanji, popeza eni ace ambiri anagona kale. Cifukwa cace tifuna kukufotokozerani mbiri ya munthu mmodzi wa kale lomwe, dzina lace Irenaeus, Episkopi wa ku Lyon m'dziko la France. Mwa mindandanda yonse ya Aepiskopi a ku Roma imene yatsala kufikira lero, wakale koposa ndiwo umene analemba iyeyu. Maina a m'menemo anam'thandiza kawiri: poyamba kutsutsa aphunzitsi onyenga, ndipo pambuyo pace kuletsa kuti Eklezia angang'ambike pakati.

UBWANA WACE KU SMYRNA

Irenaeus anabadwa m'dziko la Asia Minor, limene lero liri Turkey, ngati pakati pa zaka za 130 ndi 140. Pa ubwana wace anakhala ku Smyrna, mudzi waukuru wa m'mphepete mwa nyanja umene tsopano auchula Izmir, kumene kunali umodzi wa mipingo isanu ndi iwiri ya m'buku la Cibvumbulutso. Cinenero cace cinali Cigriki, ndipo dzina lace m'Cigrikimo litanthauza munthu wamtendere.

Episkopi wa ku Smyrna masiku amenewo anali Polycarp, nkhalamba imene inaphunzira kwa Yohane ndi kwa ena amene anaona Ambuye ndi maso ao. Irenaeus akali mnyamata anali kukhala pansi kumvera nkhalambayo. Atakula analembera kalata mnzace wa paubwana, Florinus, amene anapatukira ku ciphunzitso cacilendo, nam'kumbutsa za masiku aja. Anamuuza kuti akumbukirabe malo amene Polycarp anali kukhalapo pophunzitsa, ndi mayendedwe ace, ndi maonekedwe a nkhope yace, ndi umo anali kusimbira za Yohane. Ndi kuti zonsezi anazisunga mumtima, wosazilemba pa pepala. Potero pakati pa Irenaeus ndi Ambuye wathu panali anthu awiri okha, Yohane ndi Polycarp, monga mwana wa kuno amene anamva kwa ambuye ace za amishoni oyamba, ambuyewo atawaona okha.

Pafupi ndi caka ca 155 Polycarp anapita ku Roma kukaonana ndi Episkopi wa kumeneko, Anicetus. Awiriwa anasiyana maganizo pa mwambo wa Pasaka. Akristu a ku Asia anali kusunga Pasaka pa tsiku la 14 la mwezi wa Ayuda wochedwa Nisani, lingakhale tsikulo silinagwe pa Lamulungu, koma a ku Roma sanali kutsata mwambo umenewo. Palibe amene anakhoza kukopa mnzace; komabe Anicetus anapatsa mlendo wace ulemu wakucita Ukaristia mu mpingo wa ku Roma, ndipo analekana mumtendere. Posacedwa Polycarp anaphedwa ku Smyrna cifukwa ca cikhulupiriro cace, atatumikira Kristu zaka 86. Irenaeus anaisunga nkhani ya ulendowu, ndipo tidzaona m'tsogolomo kumene anaigwiritsa nchito.

MAZUNZO A KU LYON

Pambuyo pace Irenaeus anasamukira kutali kumadzulo, ku dziko la Gaul, limene lero liri France, nakhala ku Lyon. Mudzi umenewu, umene Aroma anaucha Lugdunum, uli pamene mitsinje ya Rhône ndi Saône ikomana, ndipo amalonda ocokera ku Asia anali kufikako ndi ngalawa zao; ena a iwo anali Akristu. Episkopi wa mpingowo anali Pothinus, ndipo Irenaeus anakhala wansembe pansi pace. Iye mwini analemba kuti alikukhala pakati pa Acelt ndi kulankhula cinenero cao masiku ambiri, napempha owerenga kuti asayembekeze Cigriki cosalala kwa iye.

M'caka ca 177, Kaisara ali Marcus Aurelius, anthu a ku Lyon anaukira Akristu. Anawaletsa kuoneka pamsika ndi m'malo osambira, nawaponya miyala, nawakokera kwa akuru a mudzi. Ndipo ambiri a ku Lyon ndi a ku Vienne, mudzi wina wa pa mtsinje womwewo, anaikidwa m'ndende. Ali m'ndendemo anamva kuti mipingo ya ku Asia ilikubvutana pa za munthu wina wa ku Phrygia, Montanus, amene anadzicha mneneri. Angakhale anali kuyembekeza imfa, anadera nkhawa mtendere wa Eklezia, nalemba kalata kwa Eleutherius, Episkopi wa ku Roma, natuma Irenaeus kuti apite nayo. Ambiri aganiza kuti ulendo umenewu ndiwo unam'pulumutsa.

Otsalawo anamva zowawa zoopsa. Pothinus, wa zaka zoposa 90, anakwapulidwa ndi kuponderezedwa, namwalira m'ndende atapita masiku awiri. Sanctus, dikoni wa ku Vienne, anam'tentha ndi zitsulo zamoto. Blandina, mdzakazi wa thupi lofoka, anapirira koposa onse, nalimbikitsa mnyamata wa zaka 15, Ponticus, kufikira imfa yace. Potsiriza anam'kulunga iye mu ukonde nam'ponya kwa ng'ombe yamphongo. Mitembo yao inakhala pabwalo masiku asanu ndi limodzi, ndipo anaitentha, nataya phulusa lace mu Rhône, kuti Akristu asakhale ndi kanthu kakuika m'manda ndi kuti aleke kuyembekeza kuuka kwa akufa. Irenaeus pobwera anapeza mpingo wamasiye, ndipo iye analowa m'malo mwa Pothinus.

APHUNZITSI A ZACINSINSI

Mazunzo atapita, Episkopi watsopanoyo anaona bvuto lina locokera m'kati. Panali aphunzitsi amene anadzicha Odziwa, m'Cigriki Agnostiki. Iwowa anaphunzitsa kuti Mlengi wa dziko lino ndi mulungu wamng'ono, wosiyana ndi Atate wa Yesu Kristu. Kuti thupi ndi cinthu cacabe cosadzauka. Ndi kuti Yesu anauza ophunzira owerengeka mau acinsinsi, amene anafika kwa iwo okha mwa kunong'onezana. Wochuka mwa iwo anali Valentinus, amene anacokera ku Egypt nakaphunzitsa ku Roma. Wina, dzina lace Marcus, anali kusandutsa maonekedwe a vinyo m'cikho monga wamatsenga, nanyenga makamaka akazi acuma. Ndipo otsatira ace anasokoneza anthu m'cigwa comwe ca Rhône.

Irenaeus anawerenga mabuku ao ndi kukambirana nao, ndipo pafupi ndi caka ca 180 analemba mabuku asanu owatsutsa. M'buku lacitatu anayankha za cinsinsi cija motere. Ngati Atumwi anali ndi mau obisika, akadawauza poyamba anthu amene anawasiyira mipingo. Anthu amenewo adziwika maina ao, ndi amene anawalowa m'malo adziwikanso, ndipo onsewo anaphunzitsa poyera, osanena kanthu kofanana ndi za Odziwa. Inu a kuno mudziwa mphamvu ya mau otere. Pa mlandu wa munda kapena wa ufumu, wonena kuti malume ace anam'patsa usiku popanda mboni sapita patali. Koma wochula pabwalo amene analima pamenepo, wina pambuyo pa mnzace, anthu akumva ndi kubvomereza, ameneyo mlandu um'komera.

MAINA KHUMI NDI AWIRI

Popeza kukadatalika kulemba za mipingo yonse, Irenaeus anasankha mpingo wa ku Roma, waukuru ndi wodziwika kwa onse. Analemba kuti Atumwi Petro ndi Paulo, atakhazika mpingowo, anapereka udindo wa uepiskopi kwa Linus, yemwe Paulo am'chula m'kalata yaciwiri ya kwa Timoteo. Pambuyo pa Linus panadza Anacletus, ndipo wacitatu Clement, amene anaona Atumwi nacezanso nao. M'masiku ace mpingo wa ku Roma unalembera kalata Akristu a ku Korinto pamene anakangana. Anatsata Evaristus, Alexander, ndi Sixtus wacisanu ndi cimodzi. Ndipo Telesphorus, amene yekha mwa onsewa Irenaeus am'chula kuti anacitira umboni cikhulupiriro mwaulemerero. Ndipo Hyginus, Pius, Anicetus, Soter, ndi Eleutherius wa 12, yemwe uja Irenaeus anam'tengera kalata. Anaonjezanso umboni wa mipingo ya ku Smyrna ndi ku Efeso.

Mainawa anam'thandizanso kuonetsa kuti aphunzitsi aja anabwera mocedwa. Analemba kuti Valentinus anafika ku Roma m'masiku a Hyginus, nachuka m'masiku a Pius, nakhalabe kufikira Anicetus. Ndimo mmene akuru a kwathu awerengera nthawi, ponena kuti cakuti cinacitika m'masiku a mfumu yakuti. Ndipo kufikira lero olemba mbiri agwiritsa nchito maina amenewa monga zikhomo zakumangirapo nkhani za Eklezia wa zaka zoyambazo.

Asanalembe Irenaeus, munthu wina wa kum'mawa, Hegesippus, anayenda ulendo wodzera ku Korinto kufikira ku Roma m'masiku a Anicetus, nafunsafunsa za Aepiskopi a m'midzi imene anapitamo. Mabuku ace anatayika, ndipo zotsala ndi zidutswa zimene anazilembanso Eusebius wa ku Caesarea, wolemba mbiri ya Eklezia m'zaka zoyamba za m'ma 300.

UMO AKATSWIRI AYESERA MAINAWA

Aphunzitsi ayenera kudziwa zimene mndandandawu unena ndi zimene sunena, kuti angacite manyazi pofunsidwa ndi ana a sukulu. Coyamba, Irenaeus analemba maina okha wopanda zaka. Zaka za ulamuliro wa yense zinalembedwa ndi ena a m'tsogolo, monga Eusebius, ndipo pa Aepiskopi oyambawo zakazo ziri zoyerekeza. Caciwiri, iye anawerenga kuyambira Linus, naika Petro ndi Paulo pamwamba monga okhazika mpingo. Mindandanda ya m'tsogolo ndiyo inayamba kuwerenga Petro monga woyamba. Cacitatu, dzina lakuti Papa, ndiko kuti bambo, silinali la Episkopi wa ku Roma yekha masiku akalewo: m'zaka za m'ma 200 Akristu anacha Heraclas wa ku Alexandria ndi Cyprian wa ku Carthage, onse a mu Africa muno, ndi dzina lomweli.

Mindandanda yakale isiyananso pa maina oyamba. Tertullian wa ku Carthage, pafupi ndi caka ca 200, analemba kuti Petro mwini ndiye anadzoza Clement. Mndandanda wolembedwa ku Roma m'caka ca 354, m'masiku a Papa Liberius, uika Clement pambuyo peni peni pa Linus, nuchula Cletus ndi Anacletus ngati anthu awiri, pamene anali munthu mmodzi wa dzina lalitali ndi lalifupi. Kwathu kuno colakwa cidza mwa njira yina: dzina limodzi, monga Kapeni kapena Kuntaja, alilowa mafumu angapo, ndipo wosadziwa akhoza kuyesa kuti ndi munthu mmodzi. Optatus wa ku Milevis ndi Augustine wa ku Hippo, Aepiskopi a kumpoto kwa Africa amene analemba mindandanda yao potsutsana ndi gulu la Donatus, anaikanso Clement patsogolo pa Anacletus.

Palinso cina. Kalata ija ya ku Korinto, ya pafupi ndi caka ca 96, inalembedwa m'dzina la mpingo wonse wa ku Roma, yosachula Clement m'kati mwace. Ndipo Ignatius wa ku Antiokeya, polembera Akristu a ku Roma pa ulendo wace wa kukaphedwa, sachula Episkopi wao, angakhale m'makalata ena achula Aepiskopi a m'midzimo. Cifukwa ca ici akatswiri ambiri aganiza kuti poyamba mpingo wa ku Roma unali kutsogozedwa ndi bungwe la akuru, ndipo maina oyamba aja ndi a akuru omveka a m'bungwemo, kufikira pakati pa zaka za m'ma 100, pamene udindo wa Episkopi mmodzi unaoneka poyera. Kuyambira Anicetus, Irenaeus alikunena za anthu a m'masiku ace omwe, ndipo umboni wace pamenepo uli wolimba.

M'zaka za m'ma 200 mbiri iyamba kuwala bwino. Tsiku loyamba lodziwika ndithu m'mbiri ya Apapa ndi 28 September 235, pamene Pontian, atam'pitikitsira ku cisumbu ca Sardinia, anatula pansi udindo wace. M'caka ca 1854 Giovanni Battista de Rossi, pokumba m'manda a pansi pa nthaka a Callixtus ku Roma, anapeza cipinda cimene anaikamo Apapa a zaka zimenezo. Ndipo pa miyala yace panawerengeka m'Cigriki maina a Anterus, Fabian, Lucius ndi Eutychian, amenenso ali m'mindandanda yakale.

NKHOSWE YA MTENDERE

Atamwalira Eleutherius, pafupi ndi caka ca 189, analowa Victor, amene buku lakale la mbiri ya Apapa linena kuti anali wa ku Africa. M'masiku ace nkhani ya Pasaka inabukanso. Aepiskopi anasonkhana m'maiko osiyanasiyana, ndipo ambiri anabvomerezana kuti Pasaka akhale pa Lamulungu. Koma a ku Asia, mtsogoleri wao ali Polycrates wa ku Efeso, anakana kusiya mwambo wa makolo ao. Ndipo Polycrates ananena kuti abale ace asanu ndi awiri anali Aepiskopi, iye ndiye wacisanu ndi citatu, ndipo onsewo anasunga tsiku la 14. Victor anatumiza makalata akuti mipingo yonse ya ku Asia yacotsedwa mu umodzi wa Eklezia. Imeneyi inali mipingo imene Paulo ndi Yohane anagwiramo nchito, ndi kwao kwa Irenaeus.

Irenaeus mwini anali kusunga Pasaka pa Lamulungu, monga Victor. Koma m'dzina la abale a ku Gaul analembera Victor mwaulemu ndi molimba, kuti sikuyenera kudula mipingo yathunthu cifukwa ca mwambo umene anaulandira kwa akale ao. Pamenepo anachulanso maina aja, kuwerenga cobwerera m'mbuyo: Anicetus, Pius, Hyginus, Telesphorus ndi Sixtus. Anam'kumbutsa kuti amenewa sanasunge tsiku la 14, komanso sanapitikitse munthu cifukwa ca tsikulo. Nam'simbira za Polycarp ndi Anicetus, umo analekanira mumtendere. Motero anasonyeza wolowa pa mpando kuti walandira pamodzi ndi ulamuliro citsanzo ca amene anakhalapo kale. Mipingo ya ku Asia inakhalabe mu umodzi ndi ina, ndipo nkhani ya tsiku la Pasaka inakambidwanso pa msonkhano waukuru wa ku Nicaea m'caka ca 325. Eusebius polemba za mlanduwu anaona kuti macitidwe a Irenaeus anayenerana ndi dzina lace.

MATSIRIZIRO ACE

Irenaeus analembanso kabuku kakafupi kwa mbale wina, Marcianus, kofotokoza cikhulupiriro ca Ubatizo ndi mbiri ya cipulumutso kuyambira Adamu kufikira Kristu, konga ka m'manja mwa mphunzitsi wa katekisimu. Kabukuka kanatayika zaka mazana ambiri, kufikira kanapezeka ku Yerevan m'caka ca 1904, m'cinenero ca ku Armenia. Mabuku ace asanu aja atsala athunthu m'Cilatini. Ndipo ku Oxyrhynchus, m'dziko la Egypt, kunapezeka kacidutswa kace ka m'Cigriki pa pepala la gumbwa, kolembedwa pafupi ndi caka ca 200, kosonyeza kuti mau ace anafika msanga mu Africa. M'caka ca 1945 alimi a ku Nag Hammadi, ku Egypt komweko, anafukula mtsuko wa mabuku a Odziwa aja. Ndipo powayerekeza kunaoneka kuti zambiri zimene Irenaeus anasimba za ciphunzitso cao ziri momwemo.

Anamwalira pafupi ndi caka ca 202, naikidwa ku Lyon. Olemba a m'tsogolo, monga Gregory wa ku Tours, am'werenga pakati pa ofera cikhulupiriro. Manda ace anapasulidwa m'caka ca 1562, pa nkhondo za pakati pa Akristu okhaokha m'dziko la France. Pa 21 January 2022 Papa Francis anam'lengeza kukhala Mphunzitsi wa Eklezia, nam'patsa dzina la Mphunzitsi wa Umodzi. Tsiku lom'kumbukira ndi 28 June. Ndipo maina a Linus, Cletus ndi Clement muwamva m'Pemphero loyamba la Ukaristia.

KWA APHUNZITSI NDI AKRISTU ONSE

Ifenso tiri ndi mndandanda wathu. Ansembe atatu a Montfort anafika ku Nzama m'caka ca 1901. Mmodzi wa iwo, Auguste Prézeau, anakhala Episkopi woyamba wa cigawo ca Shire, namwalira m'caka ca 1909. Anam'tsata Louis Auneau m'caka ca 1910, amene anaweta nkhosa ngati zaka 40; ndipo Jean-Baptiste Theunissen, amene m'caka ca 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Blantyre; ndipo James Chiona m'caka ca 1967, mwana woyamba wa dziko lino pa mpandowo; ndipo Tarcisius Ziyaye m'caka ca 2001, ndi Thomas Luke Msusa, wosankhidwa m'caka ca 2013. Maina a Aepiskopi asungika bwino m'mabuku. Amene afulumira kuiwalika ndi a aphunzitsi a m'midzi, amene anaomba ng'oma ya mapemphero, naphunzitsa ana pansi pa mtengo, nabatiza odwala pamene wansembe anali kutali.

Cifukwa cace, aphunzitsi, pitani kwa nkhalamba za m'mphakati zanu zikali ndi moyo, muzifunse amene anayamba kuphunzitsa m'mudzimo ndi amene anam'tsata. Lembani maina m'buku monga mwawamva, pamodzi ndi dzina la wokuuzaniyo. Pamene caka cidziwika cilembeni. Pamene sicidziwika siyani malo, musapeke. Mboni ziwiri zikasiyana, lembani mau a zonse ziwiri. Ndipo pakabuka mkangano mu mpingo pa za mwambo, funsani umo anacitira amene anakutsogolerani, musanathamangire kudula mbale. Mulungu amene anapatsa Irenaeus mtima wokonda coonadi ndi mtendere atipatse ifenso mtima womwewo pa Jubili yino.